Peji Yachisanu ndi Chimodzi

Fainala anakumana ndi Levison pa siteji ya galimoto za ku Chulu, pa boma la Kasungu, m'mawa wina mwezi wa Meyi. Inali nyengo ya msika wa fodya. Malole a mabelo ankadutsa akulowera ku Chinkhoma, kusiya fumbi pa aliyense, ndipo iye anali atakhalira katoni ya mabotolo a chiponde kudikira kuti pikapu idzaze.

"Pepani asisi, ku Chulu n'kutali?"

Fainala anatukula maso. Patsogolo pake panaima mnyamata wamtali, chikwama cha laputopu paphewa, atavala shati yoyera kuti mbee. Shati yoyera pa msewu wa ku Chulu! Anadziletsa kuseka.

"Si kutali. Koma shatiyo ikafika ili yofiira."

"Mukakhala pafupi nane, kaya ifike yakuda, ine ndilibe nazo ntchito."

Mnyamatayu pakamwa anachita kubadwa napo. Pamene pikapu inkafika theka la ulendo, Fainala anali ataseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo anali atadziwa kuti mlendoyu ndi katswiri wa ku Lilongwe amene kopaletivi ya alimi a mtedza inamuitana kuti adzakonze webusaiti. Levison nayenso anadziwa kuti mtsikana wa pa katoniyo ndiye kalaliki wa kopaletiviyo.

"Ndiye kuti tizionana tsiku ndi tsiku?" anafunsa Levison, maso akuwala. "Mulungu amayankhadi mapemphero!"

Ntchito ya ukalaliki imeneyi Fainala sankasewera nayo. Makolo ake anachoka ku Phalombe iye ali wakhanda, kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Wimbe. Anakulira m'chigafa, manja akuda ndi phula la fodya, akuona bambo ake akusamutsidwa nthawi iliyonse bwana akakwiya. Ntchitoyi inali chinthu choyamba m'banja mwawo chimene bwana wa esiteti sakanatha kuwalanda. Anamulemba ndi amake Shalom, wapampando wa kopaletivi, mayi wamfupi wolankhula mosapsatira, amene laputopu ankaitchula kuti "kawailesi kakanema kakoko."

Webusaiti inatha m'sabata ziwiri. Inali ndi mapeji asanu: ya mtedza, ya soya, ya nyemba, ya chiponde, ndi ina yofotokoza mbiri ya gululo.

"Tamvera, Fai," anatero Levison tsiku lomaliza, atakokera mpando pafupi kwambiri kuposa momwe ntchito inkafunira. "Munthu wa ku Lilongwe akafuna mtedza, amalemba pa Google, ndipo pamabwera mndandanda. Amene ali pamwamba ndi amene anthu amadina. Wa nambala 60 palibe amamuona, ngakhale mtedza wake ukhale wokoma bwanji."

"Nanga ife tili pati?"

Levison anatsegula pulogalamu imene imaonetsa malo a peji iliyonse pa mndandandawo, mawu amene anthu alemba pofufuza, ndi kuchuluka kwa amene adina.

"Mtedza uli pa 63."

"Mayo ine!"

"Usadandaule, duwa langa. Lolemba lililonse uzitsegula apa, uzilemba m'kope malo a peji iliyonse payokha. Imene yatsika uziisamalira. Mtedzawu ukwera. Koma iwe mumtima mwanga wafikira pa nambala wani, osadutsa pa 63."

Ndani akanapirira mawu otere? Fainala anayang'ana pansi, akuseweretsa cholembera, makutu akutentha.

Levison anabwerera ku Lilongwe, koma foni ya Fainala sinapumenso.

"Wadzuka bwanji mfumukazi ya ku Chulu? Kuno dzuwa lakana kutuluka, likuti mpaka uyankhe."

"Bodza! Kuno latuluka kalekale."

"Ndiye kuti lathawira kwa iwe. Nanenso ndikubwera Loweruka."

Ndipo ankabweradi, kawiri pa mwezi, ndi kabotolo ka mafuta onunkhira kapena chokoleti chosungunuka ndi kutentha kwa mu minibasi. Meseji imene Fainala anaisunga koposa inali ya mawu ochepa: "Tsiku limene ndinakupeza, ndinapeza kwathu." Ankaiwerenga akamadya, ankaiwerenga akamachapa.

Ntchito nayo anaigwira ndi mtima wonse. Ankapalasa njinga kupita m'minda kukajambula alimi akukumba mtedza. Ankalemba mtundu wa mbewu, kaumitsidwe kake, ndi matumba amene alipo. Lolemba lililonse ankatsegula kope lake lachikuto chobiriwira. Mtedza unachoka pa 63 kufika pa 40, kenako pa 22. Chiponde chinali chaulesi, chinakhala pa 50 miyezi itatu, mpaka Fainala anasintha chithunzi n'kuika cha botolo lotsegula, supuni ili momwemo. Chaka chisanathe, mtedza unali pa 14.

Tsiku limene munthu woyamba anaimba kuchokera ku Lilongwe, akuti wawapeza pa intaneti ndipo akufuna lole yathunthu, amake Shalom analulutira mu ofesi mpaka nkhuku za panja kuthawa.

Fainala analembera Levison: "Levi wanga, zikomo! Wandipatsa luso, wandipatsa chikondi. Ndikubwezera chiyani ine?"

"Undipatse moyo wako wonse basi. Sindikupempha zambiri."

Mwezi wa Juni chaka chotsatira, atakhala pa benchi ya wogulitsa tchipisi pa boma, Levison anamugwira dzanja.

"Fai, luso lako likuwonongeka kumudzi kuno. Ndapeza nyumba ku Area 25, ya zipinda ziwiri, madzi ali pakhomo. Ndili ndi mawebusaiti asanu ndi atatu a makasitomala, onse akufuna kukwera. Iwe uli ndi dzanja. Bwera tizigwira limodzi."

"Nanga kwa amalume ukaonekera liti?"

"Disembala. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, Khirisimasi isanafike ankhoswe anga adzakhala atagwada kwanu. Iwe ungoyamba wabwera."

"Ndisiye ntchito, Levi?"

"Usiye kantchito, upeze banja. Kodi sundikhulupirira, nthiti yanga?"

Anamukhulupirira. Ndipo kunena zoona, kuyambira tsiku limenelo kope lobiriwira lija linayamba kugona m'dirowa. Mutu wa Fainala unali pa makatani a nyumba ya ku Area 25. Lolemba likafika ankangotsegula pulogalamu, kuyang'ana mzere umodzi wabuluu woonetsa alendo a webusaiti yonse pamodzi, n'kutseka. Akanavutikiranji? Mzerewo unkakwera modabwitsa. Alendo anali mazana awiri pa mwezi, koma mu Julayi anafika mazana asanu ndi anayi!

"Levi, taona! Ndichoka ndikusiya zinthu zili bwino," analemba, atajambula mzerewo.

"Ndinakuuza, bebi. Chilichonse chimene wakhudza chimakwera."

Lachisanu loyamba la Ogasiti, Fainala analemba kalata yosiya ntchito, naiika mu envelopu, napita nayo kwa amake Shalom amene ankasankha mtedza pa lichero kuseri kwa ofesi. Anaipereka ndi manja awiri.

Mayiwo anaitembenuza envelopuyo, osaitsegula.

"Ndi ya mnyamata wa mafuta onunkhira uja?"

"Eya, amayi. Tikamanga banja."

"Chabwino. Komiti ikumana Lolemba 2 koloko, ndikaipereka. Udziwiretu kuti ikangowerengedwa, basi, malo ako apita tsiku lomwelo. Mphwawo wa a Vincent a m'komiti aja wakhala akuzungulira pano ndi masatifiketi ake kuyambira Epulo."

"Ndikudziwa, amayi."

"Koma usanapite undimasule pa chinthu chimodzi. Ukuti alendo afika mazana asanu ndi anayi. Nanga bwanji foni ili zii? Mtedza wadzaza mpaka kudenga, wogula palibe. Anthu akowo akulowera khomo liti?"

"Amayi, zimatenga nthawi kuti..."

"Ayi, ine za nthawi sindikuzimva. Kale unkandiwerengera peji iliyonse payokha, mtedza apa, soya apa. Ndikufuna zomwezo Lolemba, komiti isanakhale pansi."

Fainala anachoka atakwinya nkhope. Mayi osadziwa n'komwe poyatsira laputopu, lero akumuphunzitsa ntchito? Anamudandaulira Levison, ndipo yankho linabwera msanga kuposa masiku onse.

"Asiye amayiwo. Ungowapatsa nambala yonse pamodzi, sangadziwe kusiyana kwake. Usadzitopetse ndi za peji ndi peji, wapamtima. Lolemba masana ndikubwera kudzakutenga."

Anatsala pang'ono kumvera. Koma Lamulungu m'tchalitchi anawaona amake Shalom akuimba kutsogolo, nakumbukira tsiku limene anafika pa ofesi ija atavala masilipasi oduka, mayiwo n'kumuuza kuti, "Mwana wa tenanti amadziwa ntchito, yamba mawa." Munthu wotere angamunamize pa tsiku lotsanzikana? Mtima unakana.

Lolemba m'mawa anafika ofesi isanatsegulidwe bwino. Anapukuta fumbi pa kope lobiriwira, nayatsa laputopu, nadina pamene pamaonetsa mapeji paokhapaokha.

Anawerenga. Anawerenganso, chala chili pa galasi.

Mapeji anali asanu ndi imodzi.

Mtedza, soya, nyemba, chiponde, mbiri ya gulu, onse anali pansi, alendo ake ochepa ngati kale. Pamwamba penipeni panali peji imene iye sanailembepo, ili pa nambala wani, alendo mazana asanu ndi awiri. Anayang'ana mawu amene anthu ankalemba poifufuza: "ukwati wa Levison ndi Annette." "Levison ndi Annette Kasungu." "Ukwati wa Annette uli liti."

Annette? Annette wake uti?

Anadina.

Peji inatseguka pang'onopang'ono, poti netiweki ya ku Chulu ilibe chisoni. Kunayamba kuoneka maluwa ofiira. Kenako tsitsi. Kenako chipumi chimene Fainala ankachidziwa ngati chikhatho chake. Levison anali atavala suti, akumwetulira, atakumbatira mtsikana woyera wa ndolo zazitali. Pansi pake panalembedwa kuti Annette ndi mwana wa mwini esiteti ina ya ku Njombwa, ndipo ukwati udzachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, pa boma. Panali mndandanda wa mphatso, panali mtundu wa nsalu ya achibale. Ndipo mmunsi mwa chithunzicho, m'zilembo zopendekera, munali mawu a mkwati kwa mkwatibwi: "Tsiku limene ndinakupeza, ndinapeza kwathu."

Misozi ya Fainala inagwera pa kope mpaka inki kufalikira. Sabata zitatu! Akanakhala ali ku Area 25 akupachika makatani, mwini wake akuvina pa boma. Akanamuuza kuti wapita kuti Loweruka limenelo? Ku maliro? Ku semina?

Analira mpaka mutu kuwawa. Kenako anapita pa mjigo, nasamba kumaso, nabwerera kudzalemba manambala onse m'kope, peji ndi peji, monga anapemphedwera.

2 koloko itatsala pang'ono kukwana, njinga yamoto inaima panja. Levison analowa akununkhira, manja atatambasula.

"Mfumukazi yanga! Katundu ali kuti?"

"Khalani pansi, a Levison."

Mnyamatayo anaima. Chaka chathunthu anali "Levi," anali "iwe." Ulemu umenewu unamuziziritsa msana.

Fainala anatembenuza laputopu.

Levison anayang'ana chithunzi chake chomwe.

"Waipeza bwanji? Sindinaiike pa mndandanda wa mapeji. Palibe batani lopita kumeneko."

"Ndi funso lanu loyamba limenelo?"

"Fai, tamvera..."

"Ndikumva. Yambani ndi kundiuza chifukwa chimene ukwati wanu uli pa webusaiti ya alimi a mtedza."

Levison anakanda m'mutu. "Annette ankafuna peji ya ukwati. Kutsegula webusaiti yatsopano n'kodula, ndiye ndinangoibisa pakona pa yanuyi. Ndinkati ingokhala mwezi umodzi. Sindinaganize kuti achibale ake azikaifufuza pa Google m'malo modina linki imene tinawatumizira. Ndi ambiri, ena ali ku Joni, ena ku Mzuzu..."

"Ndiye alendo amene ndinkakuthokozerani aja ndi alamu anu?"

"Bebi, ukwati umenewu ndi wa makolo. Bambo ake anandithandiza poyamba kampani, sindikanatha kukana. Koma mtima wanga uli kwa iwe, ndikulumbira! Annette azikhala ku Njombwa, ife ku Lilongwe. Palibe chimene chisinthe."

"Palibe chisinthe!" Fainala anaseka, kuseka kowawa. "Mwana wa bwana akhale mkazi wa ku tchalitchi, mwana wa tenanti akhale wa nyumba ya lendi, azikukwezerani mawebusaiti asanu ndi atatu. Munaiganiza bwino, a Levison. Bambo anga anagwirira ntchito anthu a pakamwa pokoma zaka makumi awiri. Ine ndinkayesa ndathawa."

"Usatero, duwa langa. Ndimakukonda!"

"Mwina mumandikondadi. Koma mawu omwewo munawalemba kawiri, osasintha ngakhale chilembo."

Levison anagwada, suti ya m'chithunzi ikumuyang'ana. "Chonde usamuuze Annette."

"Sindimusaka. Koma peji iyi ndikuichotsa pompano, ndipo pasiwedi ndasintha kale. Achibale akadina n'kupeza mtedza, adzafunsa. Nambala ya ofesi ino ili pansi pa peji iliyonse. Annette akaimba, ndidzamuyankha zoona."

Anadina kawiri. Maluwa ofiira aja anazimiririka.

"Luso munandipatsa, ndipo pa limenelo ndikuthokoza, sindinama. Zinazo tengani. Njinga yanu ikudikira."

Levison anatuluka akukoka miyendo. Fainala anamvetsera kulira kwa njingayo mpaka kutha, kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma. 2 koloko inali itadutsa ndi mphindi khumi. Kalata!

Anatola kope n'kuthamanga. Komiti inkakumana m'nyumba yosungiramo mtedza, kutsidya kwa bwalo la mpira. Anadutsa pakati pa mbuzi, mpango ukugwa, osautola. Pakhomo anapeza njinga zisanu ndi ziwiri zitatsamira khoma. A Vincent anali kale mkati, chipewa pabondo, akuyang'ana wapampando mwachidwi. Kodi wachedwa? Kodi wataya mwamuna ndi ntchito tsiku limodzi?

Amake Shalom anali ataima kutsogolo, envelopu ili m'manja. Atamuona Fainala, maso ofiira, mutu wopanda mpango, anauza komiti kuti, "Tayambani mwapemphera, ndikubwera." Anatuluka n'kumukokera kuseri kwa nyumbayo.

Fainala anagwada pa makoko a mtedza.

"Amayi, kalata ija..."

"Iyi? Sinatsegulidwe. Ndinati sindiwerenga kanthu ndisanamve za mapeji anga."

Apa ndiye misozi inabwera yeniyeni. Fainala anafotokoza zonse, za peji yachisanu ndi chimodzi, za Annette, za Loweruka lomaliza la Ogasiti. Mayiwo anamvetsera atagwira pakamwa.

"Ha! Mnyamata ameneyu! Ukwati wake pa mtedza wathu?"

"Munadziwa, amayi? N'chifukwa chake munandikakamiza?"

"Ndidziwe chiyani ine? Ine ndimadziwa mtedza, mwana wanga. Ndinangoona kuti alendo achuluka koma thumba silikutuluka ngakhale limodzi."

"Mwandipulumutsa. Mukanapanda kuumirira, bwenzi pano ndili pa njinga ija. Zikomo, amayi. Zikomo kwambiri. Mulungu akudalitseni, ine ndilibe choti ndingakupatseni."

Amake Shalom anamupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo, mwamphamvu ngati akupukuta mwana wa ku mkaka. Kenako anamuika envelopu ija m'manja n'kumupinditsa zala.

"Uwawa mtimawo, usadzinamize. Ulira mwezi uno, mwina ndi wamawa. Ukafuna polirira, kwathu ukukudziwa. Koma tandiuza, mtedza uli pa nambala chani?"

Fainala anatsegula kope, akufwenthera.

"Watsika, amayi. Ndinausiya osausamala. Uli pa 31."

"Kuchoka pa 14?"

"Eya."

"Ndiye ukugwadiranji pamenepo? Dzuka, anthu akudikira. Ukawauze wekha, ndipo ukawauzenso kuti ukwera liti."

Fainala anadzuka, nasasa makoko a mtedza m'maondo. Mkati pemphero linali litafika pa ameni. Anapinda envelopu ija kanayi, naiika m'thumba la siketi, nalowa kutsogolo kwa amake Shalom, kope lili m'manja.